Kodi phungu wathu wa ku Tsangano ndi ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wolima mbatatesi ku Tsangano, distrito ya m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique. Akuti kamlatho kamene magalimoto ogula mbewu ankadutsirapo kanakokoloka dzinja lathali, moti matumba akuchita kusenzedwa pamutu ndi panjinga mpaka kumsewu. Mlamu wawo wa ku Ntcheu, kutsidya kwa malire ku Malawi, anawauza kuti kwawo nkhani yotere amapita nayo kwa phungu wa dera, amene amamudziwa dzina ndi pakhomo pomwe. Tsono bambowa akufunsa kuti: "Ndakhala ndikuponya voti kuyambira 1994, nanga phungu wathu wa ku Tsangano ndi ndani, ndipo ndingamupeze kuti?"

Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo ndikuyankheni mosabisa: mu Nyumba ya Malamulo ya ku Maputo, imene timaitcha Assembleia da República, mulibe mpando wa Tsangano, wa Angónia kapena wa Macanga. Ku Malawi dziko linagawidwa m'madera ang'onoang'ono, dera lililonse limasankha munthu mmodzi, ndipo amene waposa anzake ndiye phungu. Kuno dera lachisankho ndi chigawo chonse cha Tete, kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Nyumbayi ili ndi mipando 250. Iwiri ndi ya nzika zokhala kunja kwa dziko, ndipo 248 yotsalayo imagawidwa kwa zigawo khumi ndi mzinda wa Maputo malinga ndi chiwerengero cha anthu amene analembetsa m'kaundula wa chisankho. Pachisankho cha 2019 Tete inali ndi mipando 21, ndipo pa cha 9 October 2024 inali ndi 23. Choncho aphungu anu alipo 23, ndipo pamalamulo aliyense wa iwo amaimira dziko lonse, osati mudzi umene anabadwira.

Kumbukirani tsiku lija munaima pamzere pasukulu muli ndi cartão yanu yovotera m'manja. Anakupatsani mapepala atatu. Pa pepala la mtsogoleri wa dziko panali nkhope za anthu, koma pa awiri enawo, la Assembleia da República ndi la Assembleia Provincial (nyumba ya malamulo ya chigawo), munaona mayina a zipani ndi zizindikiro zake basi. Munachonga chipani, munapinda pepala, munaponya m'bokosi, ndipo chala anachipaka inki. Kuseri kwa chizindikirocho kunali mndandanda wa mayina umene chipani chinapereka kale ku CNE, bungwe loyendetsa zisankho, woyamba mpaka womaliza, ndipo woponya voti sangasinthe dongosolo lake ngakhale pang'ono. Chipani chikapeza mipando isanu, amalowa ndi anthu asanu oyambirira. Mmodzi akamwalira kapena akapatsidwa unduna, sipachitika chisankho chachibwereza monga ku Malawi; amangoitana wotsatira pamndandanda.

Kagawidwe ka mipando kamatsata njira yotchedwa d'Hondt, ndipo ndi bwino kuimvetsa chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti pali matsenga. Tiyerekeze kuti mipando ndi isanu, chipani choyamba chapeza mavoti 6,000, chachiwiri 3,400, chachitatu 1,100. Mavoti a chipani chilichonse amagawidwa ndi 1, kenako ndi 2, ndi 3, kumapitirira choncho, ndipo mayankho asanu aakulu kwambiri ndiwo amatenga mipando. Apa mayankhowo ndi 6,000, 3,400, 3,000, 2,000 ndi 1,700, kutanthauza mipando itatu kwa choyamba, iwiri kwa chachiwiri, ndipo chachitatu chimatuluka chimanjamanja.

Njirayi ili ndi ubwino wake, ndipo sindikufuna kuupeputsa. Dziko litangotuluka m'nkhondo kudzera mu mgwirizano wa mtendere wa ku Roma wa pa 4 October 1992, kunali kofunika kuti wogonja asataye zonse, ndipo munthu amene wavotera chipani chachiwiri m'chigawo amakhalabe ndi womuimira. Koma maganizo anga ndi akuti kudandaula kwanu n'komveka ndithu. Phungu amene akudziwa kuti tsogolo lake lili pa nambala imene akuluakulu a chipani adzamuike pamndandanda amayang'ana kwambiri kumene mndandandawo umalembedwa kusiyana ndi kumene kamlatho kanakokoloka. Alipo amene amayendera anthu mokhulupirika pamene Nyumba ili patchuthi, koma chigawo chathu n'chachikulu, ndipo palibe mmodzi amene mungamuloze chala n'kunena kuti Tsangano ndi udindo wake yekha.

Amene ali pafupi ndi inu ali pa pepala lachitatu lija, limene ambiri timalichonga mofulumira. Nyumba za malamulo za m'zigawo zinayamba kusankhidwa mu 2009, ndipo malamulo amene anagwira ntchito kuyambira 2019 amati mipando 85 pa 100 iliyonse igawidwe kwa madistrito malinga ndi anthu olembetsa, pamene 15 yotsalayo ndi ya mndandanda wa chigawo chonse. Izi zikutanthauza kuti mu Assembleia Provincial ya Tete muli anthu amene analowa kudzera pa mndandanda wa Tsangano, ndipo nyumba imeneyi ndiyo imavomereza mapulani ndi bajeti ya boma la chigawo, komanso kulondoloza mmene ntchito zikuyendera. Pepala lomwelo ndilo limasankha bwanamkubwa, chifukwa malamulo oyendetsera dziko atasinthidwa mu 2018, potsatira zokambirana za Filipe Nyusi, amene anali mtsogoleri wa dziko, ndi Afonso Dhlakama, amene anali mtsogoleri wa chipani cha Renamo, woyamba pa mndandanda wa chipani chopambana ndiye amakhala governador. Umu ndi mmene Domingos Viola analowera paudindowu pambuyo pa chisankho cha 2019. Administrador, mkulu woyang'anira distrito, yekha ndiye sitimusankha. Chisankho cha madistrito chinayenera kuchitika mu 2024, koma malamulo anasinthidwanso mu 2023 ndipo sichinachitike.

Tsono pa nkhani ya kamlatho, ine ndikanakhala inu ndikanayambira kwa anyakwawa ndi amfumu, kuti nkhaniyi ikalowe m'bwalo la upangiri la localidade, limene timalitcha conselho consultivo, n'kukwera ku posto mpaka ku distrito. Nthawi yomweyo pitani ku maofesi a zipani kwanuko, mukafunse mayina a anthu a ku Tsangano amene ali mu Assembleia Provincial, ndipo musasankhe chipani chimene munavotera chokha. Lembani kalata m'Chipwitikizi, mutchule malo, mwezi umene kamlathoko kanakokoloka ndi midzi imene ikuvutika, alimi anzanu asayine kapena adinde chala, ndipo musunge kope yokhala ndi chidindo cha amene walandira. Malamulo aakulu a dziko amapatsa nzika iliyonse ufulu wopereka madandaulo kwa olamulira, ndipo ku Maputo kuli komiti ya aphungu yolandira makalata otere, ngati kuno sikumveka kanthu.

Chinanso, kalembera akadzabwera mudzaonetsetse kuti achinyamata onse amene akwanitsa zaka 18 alembetsa, ngakhale itakhala nyengo yokolola, chifukwa chiwerengero chimenecho ndicho chidzanene kuti Tsangano ikhala ndi mipando ingati ku Tete, ndi kuti Tete ikhala ndi ingati ku Maputo. Mukapeza mayina aja, mundilembere, ndidzakuthandizani kukonza kalatayo.