Msuzi wa mu slow cooker ukungotuluka madzi okhaokha: yankho kwa mayi wa ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leeds, ku England, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Amatuluka m'nyumba 6 koloko m'mawa, kubwerera 8 koloko usiku, ana atatu akudikira nsima. Funso lawo linali lokhudza slow cooker, mphika wamagetsi umene umaphika pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo linali lakuti: "Ndinagula slow cooker kuti ndizipeza ndiwo zitapsa kale, koma nyama imatuluka yotuwa, msuzi madzi okhaokha, mbatatesi zili gwa. Ndikulakwitsa pati? Nanga nyemba ndingangothiramo zouma m'mawa n'kumapita?"

Achemwali, ndiyambe ndi nyembazo chifukwa pamenepo pali ngozi. Musathiremo nyemba zouma, ngakhale zoviika, zisanawire pa sitovu. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira zija zolembedwa kuti red kidney beans m'mashopu akumeneko, zili ndi poizoni wotchedwa phytohaemagglutinin. Poizoni ameneyu amafa nyemba zikabwata kwambiri pa madigiri 100, pomwe slow cooker mukaiika pa Low, ndiye kuti pa moto wochepa, imatha kukhala maola ambiri ikungozungulira pa madigiri 80. Nyembazo zimafewa ndithu, maonekedwe ake ngati zapsa, koma poizoni akadalimo. Nyemba 4 kapena 5 zokha zosapsa bwino ndi zokwanira kuti munthu ayambe kusanza ndi kutsegula m'mimba pasanathe maola atatu. Kwathu sitinkazimva zimenezi chifukwa pa nkhuni kapena pa mbaula nyemba zimabwata mwaukali kwa nthawi yaitali. Choncho ziviikeni usiku wonse, maola 12, tayani madziwo, thirani ena, zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, kenako ndiye zilowe mu slow cooker. Za m'chitini zilibe vuto, zinaphikidwa kale.

Tsopano ku msuzi. Vuto ndi lakuti dzanja lathu linazolowera poto wa pamoto. Pa mbaula timathira madzi mpaka nyama imire, chifukwa tikudziwa kuti aphwa, tithiranso ena, aphwanso, mpaka patsale msuzi wogwira uja umene umamatirira ku mbamu ya nsima. Mu slow cooker madzi sathawa. Nthunzi imakwera, kugunda chivundikiro, n'kudonthera momwemo. Pamwamba pa apo nyama imatulutsa madzi ake, anyezi ake, tomato ake. Mukathira madzi ofika m'khosi m'mawa, madzulo muwapeza atachuluka kuposa mmene munawasiyira, ndipo kukoma konse kwa nyama kwasungunukira m'dziwe limenelo. Pa kilogalamu imodzi ya nyama ndi chitini chimodzi cha tomato cha magalamu 400, kapu imodzi ya madzi, mamililita 250, ndi yokwanira. Mukayang'ana mumphikamo mtima udzakuuzani kuti zipserera, madzi achepa. Musaumvere. Sizipserera.

Kutuwa kwa nyama kuli ndi chifukwa china. Fungo lija limene limamveka mpaka kwa aneba nyama ikamakazingidwa limabwera pokhapokha nyama yakhudza chiwaya chotentha kwambiri, kupitirira madigiri 140, pamalo pouma. M'kati mwa slow cooker muli chinyezi, ndipo kutentha sikudutsa pa 100. Ngakhale ikhalemo tsiku lonse, nyama singafiire. Ife tinakula tikuwiritsa kaye nyama, madzi akaphwa ndiye n'kuikazinga m'mafuta ake. Apa ntchitoyi muitembenuze: kukazinga kuyambe, kuwiritsa kutsatire.

Ine ndimachita chonchi. Nyama ndimaidula nthuli zikuluzikulu, kuipukuta kuti iume, kuwaza mchere ndi masupuni awiri a fulawa. Ndimakazinga pang'onopang'ono, nthuli zochepa nthawi imodzi, chifukwa mukadzaza chiwaya nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira. Ikafiira mbali zonse ndimaichotsa, m'chiwaya momwemo ndikuthira anyezi awiri akuluakulu, afewe mpaka asinthe mtundu, kenako adyo, masupuni awiri a tomato paste ndi kare ngati ndikumufuna. Pomaliza ndimathira kapu ya madzi ija m'chiwayamo ndi kukokota zonse zomatirira pansi. Zakudakuda zimenezo musatsuke, ndiye mwini wake wa kukoma. Zonsezi zimanditengera mphindi 15 kapena 20. Ndikudziwa kuti 5 koloko m'mawa munthu wotopa sangaime pa chiwaya, ndiye kazingani usiku, zizizire msanga, zigone mufiriji m'kontena, m'mawa mungokhuthulira mumphika.

Nyama yakenso si iliyonse. Chipangizochi anachipangira zakudya zolimba zofuna nthawi. Irving Naxon wa ku Chicago, amene anapatsidwa umwini wa luso limeneli mu 1940, anatengera maganizo ake ku cholent, chakudya cha Ayuda cha nyemba ndi nyama chimene chinkagona mu uvuni usiku wonse wa Lachisanu kuti chidyedwe pa Sabata. Kampani ya Rival inadzachitulutsa ndi dzina lakuti Crock-Pot mu 1971. Ndiye gulani nyama imene ena amaithawa kuti ndi yolimba: ya m'miyendo imene kubutchala amati shin, ya pachifuwa imene amati brisket, mchira wa ng'ombe, khosi la mbuzi kapena la nkhosa. Nyama zimenezi zili ndi mitsempha yambiri, ndipo mitsemphayo ikatenthedwa pang'onopang'ono kwa maola ambiri imasungunuka n'kusanduka utomoni uja umene umamata milomo mukadya mang'ina. Msuzi umagwira wokha chifukwa cha iwo. Nyama yamnofu wokhawokha, yodula ija, imangouma n'kukhala ngati ulusi. Nkhuku yoyera ya m'mashopu akuluakulu imanyenyeka pakangotha maola 5 kapena 6. Koma mukapita m'mashopu a anthu a ku Africa kapena ku Asia n'kufunsa hard chicken, mupeza nkhuku yolimba yofanana ndi yachikuda, ndipo imeneyo imagwirizana ndi mphikawu ngati anaupangira iyo. Mang'inanso chimodzimodzi. Kwa ine, mang'ina okha ndi chifukwa chokwanira chokhalira ndi slow cooker m'nyumba: ntchito imene kwathu imadya makala theka la tsiku, apa imachitika inu mukugona.

Mbatatesi zanu zikulimba chifukwa mwina mumaziika pamwamba. Mumphikawu mbatatesi ndi karoti zimachedwa kupsa kuposa nyama, ndipo kuwawasa kwa tomato kumazilimbitsanso. Ziduleni mocheperako, ziyalidwe pansi ndi m'mbali momwe kutentha kumachokera, nyama ikhale pamwamba pake, tomato pamwamba penipeni. Nyembanso zimakana kufewa zikakumana ndi tomato msanga, choncho pophika nyemba tomato wokazinga alowe kumapeto. Mphika udzaze kuyambira theka mpaka magawo awiri mwa atatu, osapitirira. Ndipo chivundikiro chisiyeni. Tinazolowera kuvundukula ndi kutakasa, koma apa mukatero kutentha kumathawa ndipo pamatenga mphindi 15 kapena 20 kuti kubwerere.

Chimene chinandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi nthawi. Mumakhala kunja maola 14, pomwe nyama ya ng'ombe imapsa pa maola 8 pa Low, mchira ndi mang'ina pa 10. Ngati slow cooker yanu ili ndi taimala imene imatembenukira yokha ku Keep Warm, kungosunga ndiwo zili zotentha zikapsa, zili bwino. Ngati ndi ya batani limodzi lija, njira yabwino ndi kuphika usiku. Yatsani 9 koloko usiku, 5 koloko m'mawa zapsa. Khuthulirani m'makontena osaya kuti zizizire msanga, zilowe mufiriji musanatuluke, madzulo mutenthetse pa sitovu mpaka zibwate uku nsima ili pamoto. Ndiwo zotere zikagona zimakoma kuposa zatsiku lomwelo, ndipo mafuta amauma pamwamba, mumangowachotsa ndi supuni. Chimene musayese ndi kusiya nyama yaiwisi mumphika wozizira kuti udzayake wokha masana, kapena kuikamo nyama yochokera mufiriza isanasungunuke. Pa njira zonse ziwirizi nyama imakhala maola ambiri ili yofunda chabe, ndipo m'mene tizilombo timaswanirana ndi momwemo. Za bilu ya magetsi musade nkhawa: mphika wa mawatsi 200 ukayaka maola 8 sudya mayuniti awiri.

Kwa anzathu amene akuwerenga ali ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, kumene magetsi amatha kuzima osatsanzika, nkhani yake ndi ina. Mukabwera kunyumba n'kupeza anazima ndipo simukudziwa kuti anazima nthawi yanji, nyamayo musadye, ngakhale kutaya kumapweteka mtima. Phikani tsiku limene muli pakhomo, mbaula ili pafupi kuti mukamalizire pamenepo.

Msuzi ukadzatulukabe wopyapyala, pali chochita. Vundukulani, ikani pa High kwa mphindi 30 kuti madzi aphweko, kapena khuthulirani msuziwo mupoto ubwate pa sitovu mphindi 10. Koma chimene ndingakonde kuti muyese ndi kutendera. Masupuni atatu a nsinjiro, kapena awiri a chiponde chopanda shuga ngati nsinjiro zavuta kupeza, musungunule ndi msuzi wotentha pang'ono m'kapu, muthire, zikhale mphindi 30. Ndi nkhuku yolimba ija zimayenda bwino kwambiri. Mchere mulawe pamapeto pomwepo, kambuzi aliyense athire m'mbale yake chifukwa cha ana, ndipo masamba muphike padera mupoto wawo, mphindi zochepa chabe, nsima ili pafupi kupsa.