Adaputa ya WiFi pa kompyuta yomanga nokha: yankho kwa aphunzitsi a ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sekondale ku Luchenza. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi. Alamu awo a ku Joni anawatumizira motherboard (bodi yaikulu imene zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) ya B450 ndi purosesa ya Ryzen 5 5600. Kesi ndi RAM akufuna kuchotsa mu kompyuta yakale ya Dell imene inafa kalekale. Intaneti ya kunyumba ndi ka MiFi kamene kamakhala pa windo la pabalaza, poti ndi pokhapo pamene netiweki imagwira, pomwe kompyutayo idzakhala kuchipinda. Ndiye akufunsa kuti: "Ndigule adaputa ya USB kapena yoika mkati? Mnzanga akufuna kundipatsa kakhadi ka WiFi kolembedwa AX201 kamene anachotsa mu laputopu, kodi kagwira? Nanga zija amalemba pa bokosi kuti AC1200, ndiye kuti intaneti ithamanga kwambiri?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba, paja safunsa anadya phula. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatayirapo ndalama.

Mjigo ukamatulutsa madzi pang'onopang'ono, kubwera ndi diramu m'malo mwa ndowa sikuwonjezera madziwo. Intaneti yanu ikuchokera pa nsanja ya netiweki, kulowa mu MiFi, kenako n'kufika pa kompyuta. Ma MiFi ambiri a 4G amene tili nawo kuno malire ake ndi 150 Mbps, ndipo amenewo ndi malire a papepala chabe. Imani pafupi ndi windo lanulo madzulo, anthu onse a ku Luchenza ali pa WhatsApp, mulumikize foni ku MiFi yanu, muyeze liwiro ndi Speedtest kapena fast.com. Nambala imene muone ndiye madzi enieni a mjigo wanu, ndipo palibe adaputa imene ingaipose.

AC1200 nayo ili ndi kachinyengo kake. WiFi imeneyi ili ndi njira ziwiri zoulutsira, ndiye amaphatikiza 300 Mbps ya pa 2.4 GHz ndi 867 Mbps ya pa 5 GHz, n'kupeza 1167, n'kuikweza kuti imveke bwino. Koma adaputa imalumikiza njira imodzi pa nthawi imodzi, osati zonse ziwiri. Tsono tsegulani MiFi yanu, muchotse batire, muwerenge dzina lake ndi kufufuza zimene imatha, kapena muone kabuku kake. Mukapeza kuti ndi 802.11 b/g/n basi, ndiye kuti imaulutsa pa 2.4 GHz pokha, ndipo 867 ijayi simudzaionapo ngakhale tsiku limodzi. Musadandaule nazo. Pa nyumba zathu za njerwa zootcha, 2.4 GHz ndi imene imaboola khoma bwino. 5 GHz imathamanga, inde, koma ikakumana ndi makoma awiri imafika kuchipinda itatheratu mphamvu.

Choncho vuto lanu si liwiro, ndi khoma. Chimene mukufuna ndi adaputa yomva bwino, ndipo kumva bwino kumadalira eriyo ndi pamene mwaiika.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Nditangosamukira kuno ku Chitakale ndinagula ku Limbe kaadaputa ka USB kaja kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinakalowetsa kumbuyo kwa kesi, kesiyo ili pansi pa tebulo, kumbuyo kwake kutatsamira khoma. Kamzere ka netiweki kanali kamodzi, n'kumabwera n'kumapita. Ndinatukwana wogulitsa mumtima masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapeza m'katoni chingwe chotalikitsira USB cha mita imodzi ndi theka, ndinakokera kaadaputako pamwamba n'kukamatira ndi selotepi pa felemu ya chitseko. Timizere tinakwera mpaka tinayi, kaadaputa komweko, rauta yomweyo. Kesi ya kompyuta ndi bokosi la chitsulo, ndipo ine ndinabisa eriyo ya ngati njere ya mpunga pakati pa chitsulo ndi njerwa. Palinso china chimene a Intel analembapo mu 2012: mapoti a USB 3.0, abuluu aja, amatulutsa phokoso losokoneza 2.4 GHz. Ndiye adaputa ikakhala pafupi ndi hard drive kapena fulashi yolowetsedwa pa poti yabuluu, imagontha. Chingwe chotalikitsira chimathetsa mavuto awiri onsewa.

Ngati ndalama zili zothina, yankho ndi limenelo: adaputa ya USB yokhala ndi eriyo yooneka ndi maso, yotalika ngati pensulo, kuphatikizapo chingwe. Timene tilibe eriyo tija n'tabwino pa laputopu imene ili chipinda chimodzi ndi rauta.

Koma mukandifunsa chimene ndingaike mu kompyuta yanga, ndi khadi yoika mkati, ya PCIe, yokhala ndi chipu cha Intel AX200. Imalowa pa kampata kakafupi ka PCIe x1 pa motherboard, ma eriyo awiri n'kutulukira kumbuyo. Zina zimabwera ndi ma eriyo okhala pa kathako ka maginito ndi chingwe chake, moti mutha kuwaika pamwamba pa kabati. Mukapeza yotero, tengani imeneyo. AX200 ndi ya Wi-Fi 6, imagwira 2.4 ndi 5 GHz, ndiye mukadzasiya MiFi n'kugula rauta yabwinoko, kapena mukadzagwirizana ndi aneba kuika Starlink imene inalowa m'Malawi mu 2023, simudzagulanso ina. Ilinso ndi Bluetooth. Apa pokha samalani: m'bokosi mumakhala kachingwe kakang'ono kochoka pa khadiyo kupita pa mapini 9 a USB 2.0 pa motherboard. Anthu amakataya poganiza kuti n'kopanda ntchito, kenako n'kumandiimbira kuti WiFi ikugwira koma mahedifoni sakuoneka. Bluetooth imadutsa pa kachingwe kameneko.

Tsopano ka AX201 ka mnzanu. M'bwezereni ndi ulemu wonse, sikagwira. Dzina likufanana ndi AX200, maonekedwe n'chimodzimodzi, ndipo konse kamalowa pa kampata ka M.2 kotchedwa Key E. Koma AX201 ndi theka chabe la wailesi. Theka linalo lili mkati mwa chipu cha Intel pa motherboard, njira imene iwo amaitcha CNVi. Motherboard yanu ndi ya AMD, ndiye theka limenelo kulibe. Mukakaika, kompyuta siidziwa n'komwe kuti mwaikamo kanthu. AX200 ndi AX210 ndi zathunthu, zimagwira pa AMD ndi pa Intel pomwe. Ndiponso ma B450 ambiri otsika mtengo alibe kampata ka Key E. Kampata ka M.2 kamene mukaone pakati pa bodi n'ka SSD yosungira mafayilo, kamano kake kali malo ena, musakakamize.

Nkhani ya AX201 ikuphunzitsa chizolowezi chimodzi chimene ndimafuna aliyense wogula adaputa akhale nacho: funsani dzina la chipu, osati dzina la pa bokosi lokha. Chitsanzo chodziwika ndi TP-Link TL-WN722N. Yoyamba, ya v1, inali ndi chipu cha Atheros AR9271 chimene anthu a Linux ankachikonda kwambiri. Za v2 ndi v3 zili ndi chipu cha Realtek, dzina la pa bokosi osasintha. Pa Windows kusiyanaku mwina simungakuone. Koma ngati mudzaike Ubuntu kapena Linux Mint, monga ena amachitira m'malabu a sukulu, ma chipu a Intel amagwira okha osaikira kanthu, pomwe ena a Realtek a USB amafuna driver, pulogalamu yoyendetsa chipangizocho, yoti muisake pa intaneti, intaneti imene mulibe chifukwa adaputayo sikugwira.

Msampha womwewo ulipo pa Windows 11, imene poiika koyamba imafuna intaneti. Tsitsiranitu driver ya adaputa yanu pa fulashi musanayambe. Mukaiwala, lumikizani foni ya Android ku kompyuta ndi chingwe chake chochajira, muyatse USB tethering, kompyuta iona foniyo ngati intaneti ya pa chingwe. Ka CD kamene amaika m'bokosi n'kopanda phindu, makesi ambiri a masiku ano alibe n'poika CD pomwe. Windows 10 musaiganizirenso, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, ndipo purosesa yanuyo imanyamula 11 bwinobwino.

Mwandifunsa za WiFi, koma m'kalata yanu muli zinthu zina zimene zandidetsa nkhawa kuposa adaputa, ndipo ndingalakwe nditangokhala chete.

Ryzen 5 5600 ilibe mbali yotulutsa chithunzi. Motherboard ili ndi poti ya HDMI kumbuyo, inde, koma ndi purosesa imeneyi potiyo ndi yakufa. Mudzayatsa, mafani adzazungulira, sikirini ili bii. Pa ma Ryzen olowa pa soketi ya AM4, imene ili pa bodi yanuyo, otulutsa chithunzi paokha ndi amene ali ndi G pambuyo pa nambala, monga 5600G. Ndiye mwina alamu akusinthireni, apo ayi mugule graphics card, ngakhale ya kaunjika. Ndipo apa nkhani ya WiFi ikubwereranso: graphics card yonenepa imaphimba kampata ka x1 kamene kali pansi pake. Yang'anani bodi yanu muone ngati patsala kampata kena. Ngakhale katakhala kakatali ka x16, khadi yaifupi ya WiFi imalowamo n'kugwira ntchito popanda vuto.

Chachiwiri ndi BIOS, kapulogalamu kokhala m'bodi momwemo kamene kamadzutsa kompyuta. Ma B450 anatuluka mu 2018, pomwe banja la Ryzen 5000 linabwera kumapeto kwa 2020. Bodi imene inakhalitsa m'sitolo ikhoza kukhala ndi BIOS yakale yosaidziwa purosesa yanu. Fufuzani pa bokosi chomata cholembedwa "Ryzen 5000 Desktop Ready". Ngati palibe, onani ngati kumbuyo kuli kabatani kosinthira BIOS ndi fulashi popanda purosesa, kamene ma bodi ena, monga a MSI, ali nako. Ngati kulibenso, pafunika kubwereka purosesa yakale ya AM4 kwa okonza makompyuta. Ndipo chonde, ntchito imeneyi musaichite pa magetsi a pakhoma okha. Akathima BIOS ili pakati polembedwa, bodi ikhoza kufa. Pezani UPS, kabokosi ka batire kopitiriza magetsi akathima, kapena inveta ya mnzanu wa sola, ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe.

RAM ya mu Dell ija, werengani chomata chake. Mukaona PC3, ndi DDR3, ya mapini 240, ndipo silowa. B450 imafuna DDR4, yolembedwa PC4, ya mapini 288. Kamano ka pakati kali malo osiyana dala kuti munthu asalakwitse, ndipo amene amakankha ndi mphamvu amathyola kampata. Mukamagula, timitengo tiwiri ta 8 GB tofanana timathamanga bwino kuposa kamodzi ka 16 GB.

Kesi ya Dell ndiyo ndikukayika nayo kwambiri. Makompyuta a m'maofesi a Dell ndi HP nthawi zambiri amapangidwa mwa okha. Ambiri power supply yake ili ndi pulagi ya mapini 6 kapena 8 m'malo mwa 24 amene bodi yanu ikufuna, mawaya a batani loyatsira ali ndi kolowetsa kawokawo, ndipo ngati kesiyo ndi yopyapyala ija, khadi ya WiFi ifunika kachitsulo kakafupi ka kumbuyo, graphics card nayonso chimodzimodzi. Kunena zoona, gulani kesi wamba ya ATX ndi power supply yatsopano ya kampani yodziwika. Pa zipangizo zonse, power supply ndi imene sindigula ya kaunjika, chifukwa ikamafa imakonda kupita ndi anzake. Mukaumirira yakale, yang'anani kumbuyo ngati ili ndi kaswichi kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi athu ndi 230 V. Yochokera ku America ikhoza kubwera ili pa 115, ndipo mukangoilumikiza mumva phuu ndi fungo la kupsa.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinatchule chingwe cha intaneti. Ma MiFi nthawi zambiri sakhala ndi polowetsa chingwe chotero. Ambiri amagwira mukawalumikiza ku kompyuta ndi USB, koma chingwe cha USB 2.0 sichipitirira mamita 5, ndipo yanuyo singachoke pa windo. Mukadzagula rauta ya 4G ija ya pa tebulo yokhala ndi mapoti kumbuyo, kokani chingwe cha Cat5e kapena Cat6 kudutsa kudenga. Chimafika mamita 100 osataya liwiro, ndipo sichisamala za njerwa kapena malata. Kungoti kuno kumunsi kwa phiri mvula ya December ndi January imabwera ndi ziphaliwali zoopsa. Chaka china mphenzi inandiphera poti ya intaneti pa motherboard kudzera pa chingwe chomwecho, kompyuta ili yozimitsa koma yosazula. Kuyambira pamenepo kukangoyamba kugunda ku Sapitwa ndimazula zonse, pulagi ndi chingwe chomwe.

Mitengo sindilemba, poti ndi mmene kwacha ikuyendera, mtengo wa lero pofika mwezi wa mawa ukhala nthano. Mukakwera minibasi kupita ku Limbe kapena ku Blantyre, nyamulani MiFi yanu. Muwapemphe a m'sitolo alowetse adaputayo pa kompyuta yawo inu muli pomwepo, atsegule Device Manager, muwerenge nokha dzina la chipu limene lituluke, kenako mulumikize ku MiFi yanu mutaiika panja pa sitolo kuseri kwa khoma. Akakana, pitani sitolo ina. Lisiti musaisiye, ulendo wobweza katundu kuchokera ku Luchenza ndi ndalama inanso.

Musanapite, nditumizireni zithunzi zitatu: chomata cha pa RAM, pulagi yaikulu ya power supply ya Dell ija mapini akuoneka, ndi motherboard yonse mutaijambula kuchokera pamwamba kuti ndiwerenge timipata take. Dzina lonse la bodiyo limalembedwa ndi zilembo zoyera pafupi ndi kampata ka graphics card, limenelo lioneke bwino.