Kodi kamera ya oyamba kumene ingajambule ukwati? Yankho kwa achemwali a ku Zomba

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba amene wakhala akusunga ndalama kuti agule kamera yake yoyamba, n'cholinga choti ayambe kujambula zinkhoswe ndi maukwati. Wapeza makamera awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D, koma anzake amuuza kuti amenewa ndi makamera a ana asukulu, ndiponso kuti foni ya mamegapikiseli 108 imaposa makamera amenewa, amene ali ndi mamegapikiseli 24 (megapikiseli imodzi ndi timadontho miliyoni imodzi topanga chithunzi). Akufunsa ngati agule imodzi, kapena adikire mpaka atapeza ndalama za kamera yaikulu.

Achemwali, funso lanu landikhudza kwambiri chifukwa mawu amene anzanu akuuzaniwo inenso ndinawamva ndi makutu anga pamene ndinkayamba ntchito imeneyi. Kamera yanga yoyamba inali Nikon D3100, imene inatuluka m'chaka cha 2010 ili ndi mamegapikiseli 14 okha, ndipo ndinali ndi lenzi imodzi, ya 18-55mm ija imene imabwera m'bokosi limodzi ndi kamera. Banja lina la kumpingo kwathu linandipempha kuti ndikajambule chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi, ndipo akuchimuna nawonso anabwera ndi wojambula wawo, bambo wodziwa ntchito amene anakoleka makamera awiri akuluakulu m'khosi. Atangoona chimene ndinanyamula, anatembenukira kwa mayi ake a mtsikanayo n'kunena mokweza kuti, “Mayi, mwaitana mwana wa kamera yoseweretsa, musadzadandaule mawa.” Mayiwo sanayankhe kanthu, koma ndinaona kuti mtima wawo wakayikira, moti tsiku lonselo ankangondikodola kuti ndiwaonetse pa sikirini ngati zithunzi zikutulukadi. Mwambowo unachitikira panja, pansi pa mitengo ya mango, pamene kuwala kunali kokwanira ndiponso kofewa. Itakwana nthawi yoti ankhoswe apatsane tambala ndi msoti, ndinagwada chapafupi ndipo ndinaika shutter, kachitseko kamene kamalowetsa kuwala m'kamera, kuti itseguke kwa 1/500 ya sekondi yokha, podziwa kuti nkhuku ikangosintha manja imakupiza mapiko. Chithunzicho chinagwira mapiko a tambala ali otambasuka, nthenga ziwiri zili m'malere, ndi zala za amalume zitakanikiza miyendo yake, pamene azimayi kumbuyo anali pakati pa nthungululu. Sindikunena kuti zithunzi zanga zinaposa za bambo uja, chifukwa iye anali katswiri ndipo ntchito yake inali yabwino. Chimene ndikunena n'chakuti kamera imene anainyozayo inachita zonse zimene tsikulo linafuna, ndipo D3500 imene inu mwaipezayo ili patsogolo kwambiri poyerekeza ndi yanga ija.

Chizolowezi chonyoza oyamba kumene chifukwa cha kamera imene anyamula n'choipa, ndipo ndikuchidzudzula popanda kupsatira mawu chifukwa ndaona zimene chimabala. Mnyamata wina amene ndinkamudziwa anatopa ndi chitonzo, n'kukatenga ndalama za katapila kuti agule kamera ya full frame, mtundu wa makamera odula amene mbali yake yolandira kuwala ndi yaikulu. Anaigula ndithu, koma sanatsale ndi ndalama ya lenzi yabwino, fulashi kapena batire lachiwiri, ndipo chiwongoladzanja chitam'panikiza anaigulitsa pamtengo wotaya, n'kusiya kujambula mpaka lero. Amene anamunyozawo sanam'thandize kubweza ngongole. Ndafika pokhulupirira kuti ambiri amene amalankhula zoterezi sakhala akuteteza ulemu wa ntchito yathu, koma amakhala akuopa mpikisano, ndipo njira yapafupi yothamangitsira wachinyamata ndi kumuuza kuti khomo lolowera ndi lodula kuposa mmene lililidi.

Nkhani ya foni ija njosavuta kuimvetsa mukadziwa mmene kamera ya mtundu wa DSLR, umene ndi mtundu wa makamera anu awiriwo, imagwirira ntchito. Kuwala kukalowa pa lenzi kumagunda kagalasi kopendekeka kamene kali mkati, n'kukwera m'mwamba mpaka kukafika pa kabowo kamene mumaikapo diso, choncho mumaona chinthucho mwachindunji kudzera m'lenzi momwemo. Mukadina batani, kagalasiko kamadzuka, shutter imatseguka, ndipo kuwala kumagwera pa sensa imene imapanga chithunzi. Sensa ya D3500 ndi ya mamilimita 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi, pamene ya 2000D ndi ya mamilimita 22.3 ndi 14.9. Masensa aakulu kwambiri amene amapezeka m'mafoni odula ndi a mamilimita pafupifupi 13.2 ndi 8.8, kutanthauza kuti malo ake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sensa ya D3500, ndipo mafoni ambiri ali ndi masensa aang'ono kwambiri kuposa pamenepo. Zili ngati kutchera madzi a mvula, mmene wotchera beseni ndi wotchera kapu sangatunge mofanana ngakhale mvula ikhale imodzimodzi. Foni ya mamegapikiseli 108 imagawa sensa yake yaing'onoyo m'timadontho tating'onoting'ono zedi, ndipo n'chifukwa chake mafoni ambiri oterewa amaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, n'kutulutsa chithunzi cha mamegapikiseli 12. Mamegapikiseli 24 a makamera anu awiriwo amapereka chithunzi cha timadontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, chimene mungachitsukitse pa pepala la masentimita 50 ndi 34 chili chakuthwa bwinobwino, ndipo chithunzi chopachika pabalaza, chimene anthu amachionera patali, mungachikulitse kuposa apo.

Ubwino wa sensa yaikulu mudzauona pa vuto limene aliyense wojambula maukwati kwathu kuno amakumana nalo, ngakhale mabuku a malangizo obwera ndi kamera salitchula. Mkwatibwi wa khungu lakuda amavala diresi loyera mbee, mkwati ali mu suti yakuda, ndipo amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo. Kamera ikamayeza kuwala imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri ndiponso chosada kwambiri, choncho ikaona diresi lalikulu loyera imaganiza kuti kwawala mopitirira, n'kudetsa chithunzi chonse, ndipo nkhope ya mkwatibwi imamira mumdima. Mukawonjezera kuwala kuti nkhope ioneke, diresi limayera mpaka maluwa onse osokedwa pansaluyo amafafanizika. Makamera onse awiriwa ali ndi batani lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, lolembedwa chizindikiro cha + ndi -, ndiponso onse amajambula RAW, imene ndi fayilo yosunga zambiri zimene sensa inaona isanazipanikize kukhala JPEG, fayilo wamba ya zithunzi. Ine ndimayeza kuwala kuti diresi lisapse, kenako pa kompyuta ndimakweza mithunzi ya pankhope, ndipo sensa ya kukula kumeneku imalola zimenezi popanda khungu kusanduka lotuwa kapena lamadonthomadontho. Komabe chida chimenechi chili ndi malire ake, moti njira yabwino koposa ndi kupempha akwatiwo mwaulemu kuti asunthire pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi. Zimandipweteka ndikaona zithunzi za ukwati zimene wojambula wayeretsa khungu la mkwatibwi mpaka abale ake osamuzindikira, n'kumati wakongoletsa. Khungu lathu likufuna kuyezedwa bwino kuwala, silikufuna kusinthidwa mtundu.

M'kati mwa tchalitchi kapena holo ndi mmene mudzaone kuperewera, koma mudziwe kuti chimene chimaperewera poyamba ndi lenzi, osati kamera. Lenzi ya 18-55mm imatseguka mpaka f/3.5 mukaifupikitsa (nambala ya f ikakhala yaing'ono, ndiye kuti bowo la lenzi latseguka kwambiri), koma mukaikoka kufika pa 55mm imathera pa f/5.6, ndipo pamenepo kuwala kolowa kumakhala kochepa. Pa nthawi ya perekaniperekani anthu amavina akuponya ndalama, ndipo kuti manja ndi nkhope zisachite chimbuuzi mumafunika shutter ya 1/250 kapena yothamanga kuposa apo, zimene zimakukakamizani kukweza ISO, nambala imene mukaikweza chithunzi chimawala, mpaka chithunzicho kuyamba kuoneka chamchenga. Lenzi yotseguka mpaka f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6, ndipo imasungunula zakumbuyo kuti munthu aonekere yekha, zimene foni imangoyerekeza pogwiritsa ntchito pulogalamu n'kumadya tsitsi ndi velo m'mbalimbali. Kwa Nikon, lenzi yotere yotsika mtengo ndi AF-S DX 35mm f/1.8G, imene pa sensa imeneyi imaona ngati lenzi ya 52mm pa kamera ya full frame. Kwa Canon pali EF 50mm f/1.8 STM, imene pa 2000D imaona ngati ya 80mm, yabwino kwambiri pojambula nkhope koma yopanikiza mukafuna kulowetsa gulu la anthu m'chipinda chaching'ono.

Kusiyana kwa makamera awiriwa

Onse anatuluka m'chaka cha 2018, koma sali ofanana mphamvu. D3500 imajambula zithunzi 5 pa sekondi pamene 2000D imajambula 3, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka pa nthawi ngati yoponya maluwa kapena yovekana mphete. ISO ya D3500 imayambira pa 100 kufika pa 25600, pamene ya 2000D imafika pa 6400 ndipo ingawonjezeredwe mpaka 12800, ngakhale pa makamera onsewa sindikonda kupitirira 3200 ngati chithunzicho n'chokatsukitsa. Malo ogwirira fokasi, amene kamera imayezerapo kuti chimene mukujambula chioneke chakuthwa, alipo 11 pa Nikon ndi 9 pa Canon, ndipo pa onse awiri apakati ndi amene ali odalirika mumdima. Vidiyo onse amajambula ya 1080p, koma Nikon imafika mafelemu (zithunzi) 60 pa sekondi pamene Canon imathera pa 30. Kusiyana kwakukulu kuli pa batire, chifukwa malinga ndi muyezo wa CIPA, bungwe la makampani opanga makamera, batire la D3500 limajambula zithunzi 1,550 likadzaza, pamene la 2000D limajambula pafupifupi 500. Kwa munthu wokajambula kumudzi kumene kulibe magetsi, kapena m'tauni tsiku limene magetsi azima, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa mamegapikiseli. Mbali imene Canon ikupambana ndi yotumiza zithunzi ku foni, chifukwa ili ndi Wi-Fi, pamene D3500 ili ndi Bluetooth yokha imene kawirikawiri imatumiza tizithunzi tochepetsedwa kudzera pa pulogalamu ya SnapBridge.

Zimene alibe

Onse awiri alibe polumikizira maikolofoni yakunja, choncho ngati cholinga chanu chenicheni ndi vidiyo ya malumbiro ndi ulaliki, mudzafunika chojambulira mawu chapadera, ndipo fokasi yawo mukamayang'ana pa sikirini ndi yochedwa. Chodabwitsa n'chakuti Nikon D3300 ya m'chaka cha 2014 inali ndi polumikizira maikolofoni komanso inkatha kudzigwedeza fumbi pa sensa, koma zonse ziwirizi zinachotsedwa pa D3400 ndi D3500, zimene ine ndimaziona ngati kum'mana wogula zinthu zimene kampani inali itaziika kale. Masikirini a D3500 ndi 2000D satembenuka, kabowo koikapo diso kamaonetsa magawo 95 pa 100 alionse a chithunzi, ndipo matupi awo sanamatidwe kuti atchinge madzi ndi fumbi, moti m'nyengo ya dzinja muziyenda ndi pulasitiki, ndipo m'mwezi wa Okutobala musamasinthe lenzi pabwalo pamene pakuwomba mphepo. Amalowa khadi limodzi lokha la SD, ndipo ukwati suchitika kawiri, choncho gulani makhadi enieni angapo m'malo mwa limodzi lalikulu, n'kukopera zithunzi malo awiri usiku womwewo. D3500 ilibe mota ya fokasi m'thupi mwake, kotero malenzi akale ngati AF 50mm f/1.8D, amene ogulitsa amakonda kuwatsatsa motchipa, sadzagwira okha fokasi. Pa 2000D yang'anani pokhazika fulashi pamwamba, chifukwa ambiri anatuluka opanda kachitsulo kapakati kamene mafulashi wamba amadalira kuti awale.

Choncho, achemwali, musadikire. Ngati makamera awiriwo ali bwino mofanana ndipo mitengo yake siyotalikirana, tengani D3500, ndipo ndalama yotsatira imene mudzapeze ipite ku lenzi ya 35mm f/1.8G, kenako fulashi yotha kuloza kudenga. Tengani 2000D pokhapokha ngati muli ndi mnzanu wa Canon wobwerekana naye malenzi. Musanalipire, funsani kuchuluka kwa zithunzi zimene shutter yajambula kale, popeza ya makamera a gulu limeneli imayembekezeka kufika pafupifupi 100,000, unikani m'lenzi ndi tochi kuti muone ngati mulibe nkhungu, ndipo jambulani thambo kapena khoma loyera pa f/16 kuti madontho a fumbi a pa sensa aonekere wogulitsayo ali pomwepo.