Funsani Aphunzitsi: Kodi agogo akumusokoneza mwana ndi Chichewa?

FUNSO: Zikomo Aphunzitsi. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 4 yemwe amapita ku nasale kuno ku Area 25. Bambo ake analamula kuti pakhomo tizimulankhula Chingerezi chokhachokha. Ndiye apongozi anga abwera kuchokera ku Dedza, akumamulankhula Chichewa ndi kumuimbira nthano madzulo. Mwanayo wayamba kusakaniza zilankhulo, ndipo bambo akuti agogo akumuwononga. Kodi n'zoona? — Mayi wodandaula, Lilongwe

YANKHO: Mayi, agogowo alekeni apitirize. Ine ndagwira choko mu Sitandade 1 zaka zambiri ku Ntcheu, ndipo ana amene ankandisowetsa tulo sanali odziwa Chichewa ayi. Anali aja amene kwawo amangomva "idya", "gona", "usasokose" basi. Oterowo amafika m'kalasi ali ndi mawu owerengeka, kaya m'Chichewa kaya m'Chingerezi.

Ku koleji ya uphunzitsi tinkaloweza dzina la Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha. Mfundo yake inali yakuti nzeru za mwana zimayambira pocheza ndi anthu omuposa, kenako n'kukhazikika m'mutu mwake. Chimene lero akuchita mothandizidwa, mawa achita yekha. Ife tinkalowezera mayeso, osazindikira kuti amayi athu ankachita zomwezo pamtondo. Mtsikana ankayamba ndi kamunsi kake pambali pa mayi ake, kenako n'kumakasinja dothi kumasanje akudzilankhulira yekha mawu omwe aja anawamva.

Taonani zimene zikuchitika madzulo pakhomo panupo. Agogo akati "Padangokhala", mwana ayenera kudikira kuti avomere "Tili tonse" pa nthawi yake. Akusunga m'mutu kuti chinayamba n'chiyani, chinatsatira n'chiyani. Akuganizira zimene Kalulu amuchite Fisi agogo asananene. Zimenezi ndi zomwe ndinkakhetsera thukuta pophunzitsa ana kumvetsa nkhani, ndipo mwana akazidziwa m'Chichewa sayambiranso akatsegula buku la Chingerezi. Amangosintha mawu.

Zosakaniza zilankhulozo zisakudetseni nkhawa. Ana omva zilankhulo ziwiri amatero, amatola liwu limene lili pafupi. Ifenso akuluakulu, tamverani mmene timalankhulira m'minibasi! Posachedwapa muona kuti kwa agogo akulankhula mwina, kwa aphunzitsi ake mwina.

Bambowo musawanyoze, mantha awo ali ndi pogwira: popanda kukhoza Chingerezi mwana salandira satifiketi ya MSCE. Koma Chingerezi chongolamula, cha mawu awiriawiri, sichimufikitsa kumeneko. Ngati akuchifunadi, azikhala naye pansi tsiku lililonse ndi buku la zithunzi, azimufunsa mafunso n'kumudikira ayankhe, osati kumupatsa foni kuti azionera makatuni. Foni siyankha mwana akafunsa kuti "chifukwa chiyani?"

Chimodzi chokha choti muyang'anire: ngati pa msinkhu umenewu sakutha kulumikiza mawu kukhala chiganizo m'chilankhulo chilichonse, kapena satembenuka mukamuitana chakumbuyo, pitani naye kuchipatala akamuone makutu. Apo ayi, mawa pa chakudya chamadzulo muuzeni awafotokozere bambo ake nthano ya dzulo ija, ndipo bambowo avomere "Tili tonse".