Funsani mainjiniya: kontrakita mmodzi ajambule yekha ndi kumanga yekha damu la magetsi?

Makalata a ulendo uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo onse akuzungulira pa damu la magetsi ndi momwe ntchito yomanga imaperekedwera.

Bambo wina wa ku Nchalo, womanga nyumba, walemba kuti: "Ndamva kuti bungwe la boma ngati EGENCO litha kupereka ntchito yonse kwa kontrakita mmodzi, ajambule yekha pulani, amangenso yekha. Kodi kumeneku si kusungitsa mbuzi kwa fisi?"

Bambo, mantha anu ali ndi mutu. Njira mwamvayo mainjiniya amaitcha design-build. Mwa kale, mwini ntchito amalemba mainjiniya kuti ajambule chilichonse, kenako n'kuitanitsa matenda a omanga. Chinthu chikang'aluka, wojambula amati womanga anaphonya, womanga amati ndinatsata pulani yanu, mlandu n'kutha zaka. Pa design-build wofunsidwa ndi mmodzi.

Pa magetsi a madzi palinso chifukwa china chimene omanga nyumba sakumana nacho. Tabaini, gudumu lija limazungulitsidwa ndi madzi, imakhala m'chigoba chachitsulo chooneka ngati nkhono, ndipo chigobacho pamodzi ndi paipi yotulutsira madzi zimakwiriridwa m'konkire. Fakitale iliyonse ili ndi miyeso yakeyake. Choncho simungamalize pulani ya nyumba ya makina musanadziwe amene adzapange tabaini. Wopanga makina ndi wothira konkire akakhala m'kontrakiti imodzi, tabaini imayamba kupangidwa kunja uku anthu akukumba maziko, ndipo miyezi yambiri imapulumuka.

Fisi uja amalowera pamene mwini ntchito sanalembe bwino zimene akufuna. Pa njira imeneyi mphamvu yonse ya mwini ili m'chikalata chimodzi cholembedwa tenda isanatuluke, chimene mabuku a makontrakiti a FIDIC, bungwe la mainjiniya la pa dziko lonse, amachitcha Employer's Requirements. Chimene simunalembemo simudzachiona, ndipo mukachikumbukira mochedwa mudzachigula pa mtengo wonena kontrakita. M'chikalatamo simulemba kukula kwa khoma ayi, mumalemba chimene chinthucho chiyenera kuchita, ndi manambala ake. Mphamvu ya makina imapezeka pochulukitsa 9.81 ndi madzi odutsa pa sekondi, ndi kutalika kumene madziwo akugwa, ndi gawo la mphamvu limene makina amakolola. Tiyerekeze madzi okwana makyubiki mita 67 pa sekondi akugwa mamita 54, makina akukolola 90 pa 100 iliyonse: mupeza makilowati pafupifupi 32,000, ndiwo mamegawati 32. Ndiye kontrakita asainire manambala amenewo, avomere kuti kachifanizo ka tabaini kayesedwe ku labotale motsata muyezo wa IEC 60193 asanasule yeniyeniyo, ndipo ikamangidwa iyesedwenso pamalo pomwepo motsata IEC 60041. Ikaperewera alipire chindapusa cholembedwa kale. Gawo limodzi pa 100 limaoneka laling'ono, koma pa siteshoni ya mamegawati 130 ndi megawati 1.3 yotayika ola lililonse kwa zaka makumi anayi.

Mwini ntchito asachotsenso mainjiniya ake poganiza kuti kontrakita ali nawo. Buku la FIDIC la design-build, lija amati Yellow Book, limapatsa injiniya wa mwini masiku 21 kuti aunike pulani iliyonse imene kontrakita wabweretsa. Ngati palibe munthu wodziwa wokhala pansi ndi mapepalawo, masikuwo amangodutsa, konkire n'kuthiridwa.

Mayi wina, mphunzitsi wa pa boma la Chikwawa, akufunsa: "Namondwe wa Ana ataononga Kapichira tinavutika ndi kuthimathima kwa magetsi kopitirira chaka. Kontrakiti ya mtundu umenewu ikanateteza zimenezi?"

Mayi, mtundu wa kontrakiti pawokha sutchinga madzi. Mu January 2022 madzi osefukira anagumula mbali ya damu la Kapichira, makina onse anayi a mamegawati 32.4 alionse anaima, dziko n'kutaya mamegawati 129.6, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a EGENCO, mpaka mu 2023. Chimene tingaphunzirepo ndi manambala oyenera kulembedwa m'chikalata chija pa damu lililonse la pa Shire.

Nambala yoyamba ndi kukula kwa chigumula chimene damu liyenera kupirira. Pa madamu akuluakulu amawerengera chigumula chobwera kamodzi pa zaka 1,000, ndipo pamene kumunsi kuli midzi amafika pa zaka 10,000. Nambala imeneyi aipereke ndi mwini ntchito, kuchokera m'mabuku a miyeso ya mtsinje ophatikizamo Ana ndi Freddy wa mu March 2023. Mukasiyira opikisana pa tenda kuti aliyense awerenge yekha, wopambana amakhala amene wawerenga chigumula chaching'ono, chifukwa khomo lake lotayira madzi ndi lotchipa. Mulembenso kuti khomolo litulutse madzi onsewo ngakhale geti imodzi itakanirira, ndiponso kuti mageti atseguke m'njira zitatu: ndi magetsi a pa siteshoni, ndi jenereta ya dizilo yoikidwa pamalo okwera, ndi manja. Pa tsiku la namondwe magetsi ndiwo amayamba kuthima, ndipo mitengo yozulidwa ndi madzi imadzadzana pa mageti.

Nambala yachiwiri, imene ife timaiopa kuposa chigumula, ndi ya matope. Shire amatuluka m'nyanja ali woyera, koma akamatsika mitsinje ngati Lisungwi ndi Mkulumadzi imamuthira dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri ometedwa mitengo. Dothilo limakhazikika m'damu n'kudya malo a madzi. Mchenga wosalala umene wapitirira umapala tabaini ngati sandipepa, mipata pakati pa zitsulo imakula, madzi amadutsa osagwira ntchito. Apa ndi pamene design-build imafuna maso: kontrakita amayankha zolakwika kwa miyezi 12, mwina 24 ngati mwalemba choncho, pamene kudyeka kwa tabaini nthawi zambiri kumaonekera bwino iye atapakira kale katundu wake. Wolipidwa mtengo umodzi wa ntchito yonse sangaike chitsulo chodula chimene palibe wamuuza.

Nchifukwa chake mwini ntchito ayeze matope a mtsinje kwa nyengo za dzinja zosachepera ziwiri tenda isanatuluke, ndipo madzi akadzadza atunge tsiku ndi tsiku, popeza matope ambiri a chaka chonse amadutsa m'masiku ochepa a mvula yamphamvu. Labotale inene kukula kwa mchengawo ndi kulimba kwake. Kenako alembe kuti gudumu la tabaini likhale la chitsulo chosachita dzimbiri chimene amachitcha 13/4, malo odyeka kwambiri akutidwe ndi tungsten carbide, pakhale gudumu lina lapadera m'nyumba yosungira katundu, pansi pa damu pakhale mageti otsukira matope, ndipo pa sefa ya polowera madzi pakhale makina owolera namasupuni ndi zinyalala. Zimenezi zikalembedwa, onse opikisana amaziwerengera mtengo mofanana.

Mnyamata wina wophunzira za zomangamanga, kwawo ku Bangula, akuti: "Aphunzitsi anatiuza kuti design-build ndi mtengo umodzi wosasintha. Nanga bwanji timamva kuti ndalama zimaonjezekera?"

Achimwene, chimene chimasokoneza mtengo kawirikawiri chili pansi pa nthaka. Chigwa cha Shire chili m'mng'alu waukulu wa dziko uja wa Rift Valley, ndipo thanthwe looneka lolimba pamwamba litha kukhala losweka mamita khumi pansi. Buku lina la FIDIC, Silver Book, limasenzetsa kontrakita pafupifupi chilichonse chimene angapeze pansipo. Makampani anzeru amakweza mtengo kapena kuthawa tenda, otsalawo amalowa ndi mtengo wotsika n'kudzamenyera madandaulo. Njira imene ife timaikhulupirira ndi iyi: mwini aboole zitsime zoyesera pa mzere wa damu, pa ngalande ya pansi pa phiri ndi pa nyumba ya makina, alembe lipoti lonena kuti thanthwe tikuyembekeza kuti ndi lotere. Likapezeka loipa kuposa pamenepo alipira ndi mwini, likakhala labwino mtengo utsike. Buku linanso la FIDIC, Emerald Book la mu 2019, linakonzedwa pa mfundo imeneyi. Simenti yopopera m'ming'alu ya thanthwe ilipidwe poyeza imene yalowa, chifukwa palibe angaidziwe asanayambe.

Kwinako ndi ndalama ndi kalendala. Kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, choncho kontrakiti ya zaka zinayi igawe malipiro: makina ochokera kunja m'ndalama yakunja, simenti, miyala ndi antchito m'makwacha, ndi ndondomeko yosinthira mtengo yogwirizana kale. Kontrakita aike chikole cha kubanki, kawirikawiri 10 pa 100 ya mtengo wonse, ndipo dandaulo lililonse alembe pasanathe masiku 28. Kupatutsa mtsinje ndi damu la kanthawi kumachitika m'chilimwe. Mukachedwa kusaina pepala n'kuphonya October, mwataya chaka chathunthu.

Funso lomaliza ndi la agogo ena olima dimba m'mbali mwa Shire kumunsi kwa Chikwawa: "Madzi akatulutsidwa mwadzidzidzi n'kutimizira mbewu, tikadandaule kwa ndani, kwa kontrakita kapena kwa boma?"

Agogo, pitani kwa mwini damu. Iye ndi amene ali ndi chilolezo cha madzi chochokera ku National Water Resources Authority, ndipo lipoti la momwe ntchitoyo idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, limene MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, imavomereza, lili m'dzina lake. Udindo umenewu sagulitsa kwa kontrakita. Chipukuta misozi cha minda chiperekedwe kontrakita asanapatsidwe malo, apo ayi mathirakitala amaima anthu atatseka msewu, mwini n'kumalipira masiku ongokhala.

Nkhawa yanu ikukhudzanso chikalata chija. Siteshoni yotsegula makina onse madzulo pamene anthu akuphika imakweza mtsinje msanga, ndiye chifukwa chake pulani ya siteshoni ya magetsi ya Mpatamanga, kumtunda kwa Kapichira, ili ndi damu lachiwiri kumunsi losalaza madziwo asanatsikire ku Kapichira. Payenera kulembedwa madzi ochepetsetsa osalekeza kuyenda, masentimita amene mtsinje ungakwere pa ola, ndi chenjezo lomveka kwa asodzi ndi owoloka pa bwato. Pawerengedwenso ngalande ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene inakonzedwa kuti izitunga pa damu la Kapichira kukathirira mahekitala oposa 43,000, komanso dambo la Elephant Marsh limene limadyetsa mabanja ambiri ndi nsomba. Pa msonkhano wa m'mudzi funsani manambala amenewa. Mbewu zikamira, lembani tsiku, ola ndi kukula kwa dimba, amfumu asainire, kalata imodzi ipite ku komiti ya madandaulo ya ntchitoyo, ina ku ofesi ya bwanamkubwa, yachitatu musunge m'nyumba.