Supavaiza waphika data, ndikanene kapena ndingomaliza digiri yanga?

Funso: Zikomo akulu, chonde dzina langa ndi la sukulu musatchule. Ndikupanga masters, chaka chatha supavaiza wanga ananditenga pa pulojekiti yawo ya kadyedwe ka ana m'midzi, ineyo ndimayenda ndi ma enumerator kufunsa amayi ndi kuyeza ana. Mvula itavuta midzi ina sitinafikeko, mafomu anabwera osakwana. Nde pano pepa yatuluka mu journal, midzi yomwe sitinapondeko ija ilimo ndi manambala ake, dzina langa mulibe olo pothokoza pomwe. Nditafunsa anangoti "izo ndi za statistics simungazimve, malizani thesis." Thesis yanganso ikudalira data yomweyo. Ndikanene kuti? Ndikuopa andilepheretsa, fizi akundilipirira ndi amalume. Wodandaula.

Yankho: Achemwali, pepani. Koma apa pali nkhani ziwiri ndipo musazimange mtolo umodzi. Ya dzina ija ndi yowawa inde, anayenera kukuthokozani, ngakhale kunena zoona ma journal ambiri kutolera data pakokha sakuwerenga kuti ndinu mlembi, amafuna mukhale mutalembako nawo ndipo muvomere kuyankhapo pepayo ikavuta. Ndipo pepa ngati imeneyi mungafune dzina lanu likhalepo? Isiyeni kaye. Mukayambira pa dzina anthu angoti mtsikanayu akuwawidwa basi, nkhani yeniyeni nkufera pomwepo.

Yeniyeniyo ndi midzi ija. Milandu ikuluikulu pa kafukufuku ilipo itatu, kupeka data, kusintha data kuti igwirizane ndi zomwe ukufuna, ndi kukopera ntchito ya eni. Kulakwitsa mosadziwa si mlandu, komiti iliyonse iyamba yafunsa ngati sikulakwitsa chabe, nde inunso dzifunseni kaye. Mwina anatumiza timu ina mvula itatha inu osadziwa? Ku statistics kulidi njira yodzazira mipata pomwe mayankho ena akusowa, amati imputation, koma imeneyo umailemba poyera mu pepa kuti ndapanga zakuti, ndipo siibereka mudzi wathunthu ndi ana ake. Alembereni imelo yaulemu, osawaloza chala, kungoti mukupempha data yoyambirira ndi masiku omwe midzi yakutiyakuti inayenderedwa chifukwa mukufuna kulemba bwino chaputala cha methods. Imelo, osati pakamwa pa korido. Akayankha muli ndi yankho, akazemba nakonso ndi kuyankha.

Musanatumize imeloyo sonkhanitsani zanu. Kabuku kanu ka ku field, mauthenga a pa gulu la WhatsApp tsiku lomwe galimoto inatitimira mmatope, mapepala omwe munkasainira ma alawansi, malisiti a mafuta. Ngati munkagwiritsa ntchito ma tabuleti okhala ndi pulogalamu yotolera data ya ODK kapena KoboToolbox, fomu iliyonse imasunga nthawi yomwe inatumizidwa, penanso ndi GPS yomwe. Komanso mwana aliyense woyezedwa amayenera kukhala ndi fomu ya chilolezo yomwe mayi ake anasaina kapena kudinda chala. Manambala munthu atha kupeka usiku umodzi pa laputopu, koma zala za amayi a mudzi wonse sizipekeka choncho. Chenjezo lokha, mayina a amayi ndi ana musawatulutse kapena kuwatumizira anzanu, mlandu ungakutembenukireni.

Kuti mwana wasukulu angagwetse pulofesa zinachitikapo. Ku Tilburg University ku Netherlands kunali Diederik Stapel, katswiri wotchuka wa psychology yemwenso anali dean. Iyeyo amauza ophunzira ake kuti musavutike, data ndikatolera ndekha m'masukulu, nkuwabweretsera yophikaphika. Mu 2011 achinyamata atatu a mu dipatimenti yake atayang'anitsitsa manambala kwa miyezi anapita kwa mkulu wa dipatimenti ndi umboni m'manja, Stapel anaimitsidwa ntchito chaka chomwecho, mapepa ake oposa 50 anachotsedwa m'ma journal, ndipo ma thesis a PhD a ophunzira ena omwe anawayang'anira anapezeka kuti anamangidwa pa data yabodza eni ake osadziwa. Inu onani ziwiri pamenepa, anapita atatu osati mmodzi, ndipo anapita ndi mapepala osati mphekesera. Pa ma enumerator aja palibe yemwe angavomere kuti midzi ija simunafike?

Ena akuuzani kuti ndi pepa chabe palibe wafa. Ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, Werner Bezwoda anachotsedwa ntchito mu 2000 zitadziwika kuti ananama pa kafukufuku wa khansa ya m'mawere, pomwe amayi kumayiko ena anali akulandira kale mankhwala amphamvu kwambiri podalira zotsatira ngati zakezo. Yanuyi ndi ya kadyedwe ka ana, mawa bungwe lina liwerenga nkuti dera limenelo ana ali bwino, chiponde chipite kwina.

Kokanena. Yambani mwapeza malamulo a sukulu yanu a kafukufuku ndi a postgraduate, muone akuti dandaulo limapita kwa ndani. Kawirikawiri ndi HOD, mkulu wa dipatimenti, koma ngati HOD ndi supavaizayo amamwera limodzi pitani kwa dean wa postgraduate kapena mkulu wa kafukufuku. Khomo lina ndi komiti ya ethics yomwe inavomereza kafukufukuyo, dzina lake ndi nambala ya protocol zimalembedwa mu pepa momwemo. Kuno kwathu ziliko monga ya ku KUHeS, UNIMAREC ku Zomba, NHSRC ku unduna wa zaumoyo, ndipo pamwamba pali NCST, komishoni ya boma yoona za sayansi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 la sayansi ndi luso. Zamkati zikakanika mpomwe mumalembera mkonzi wa journal kapena omwe anapereka ndalama. Pa Facebook ayi ndithu, mungosumiridwa kuti mwaipitsa mbiri ya munthu komanso mumupatsa mpata wokonza mafaelo.

Kalata yanu ikhale yaifupi, masiku, midzi, tebulo lakuti pa tsamba lakuti, zomwe munaona ndi maso. Mawu oti wakuba kapena wabodza asapezekemo. Sukulu yoyenda bwino imayamba yaona ngati dandaulo lili ndi mutu, nkutenga mafaelo kuwasunga, nkusankha anthu omwe alibe mbali, ndipo supavaizayo naye amapatsidwa mpata woyankha, ndi ufulu wawo umenewo olo zikuwaweni. Zimatenga miyezi. Sindikunamizani kuti simudziwika, amene anapita ku field ndinu ochepa adzakuganizirani basi, ndipo kubwezera kumachitika ngakhale malamulo amaletsa.

Ngati mtima sukulola kunena panopa sindikuweruzani, mutha kudikira mpaka mutateteza thesis. Koma chomwe musayerekeze ndi kuika midzi yopekayo mu thesis yanu, pamenepo saini ndi yanu ndipo digiri imalandidwa olo patapita zaka. Gwiritsani ntchito mafomu omwe munatolera okhawo, mulembe kuti sample inachepa chifukwa cha mvula, ma examiner zimenezo amaziona chaka ndi chaka. Mukaganiza zonena, mu kalata yomweyo pemphani akusinthireni supavaiza nkhani isanayambe kufufuzidwa, ndipo kope yanu asekilitale aidinde deti musanatuluke mu ofesimo.