Kusintha Nokha Sikirini ya iPhone 5s

Achimwene, mwanena kuti sikirini ya iPhone 5s yanu inasweka, mwagula ina, ndipo mukufunsa ngati mungaisinthe nokha. Mungathe ndithu, malinga musamale tinthambo topyapyala ngati pepala timene tili m'katimo, chifukwa ndi timene timaonongeka kawirikawiri pa ntchito imeneyi.

Muyambe mwazimitsa foniyo. Mukamasula tisikuluu tiwiri ta pafupi ndi potchajira, mutukule sikiriniyo pang'ono chabe kuchokera kumunsi, popeza foni imeneyi, yomwe inatuluka mu 2013, ili ndi kanthambo kafupi kolumikiza batani la Touch ID (batani lozungulira la kumunsi lowerenga chala chanu) ndi mbali ya potchajira. Mukatsegula mwaphuma ngati chivundikiro cha poto, kamaduka. Kakaduka, batani lina limene mungaikepo likhoza kugwira ntchito yobwerera kumayambiriro, koma silingawerengenso chala chanu, chifukwa batani lililonse linalumikizidwa ndi bodi (mbale ya m'kati imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya foni yakeyake kufakitale. Pa chifukwa chomwechi, batani lakalelo mulisamutsire pa sikirini yatsopano.

Mukachotsa kanthambo kameneko, mumasule batire musanakhudze china chilichonse. Potukula tinthambo ta sikirini mugwiritse ntchito kapulasitiki kosongoka kapena chikhadabo, osati chitsulo, ndipo mulowetse nsonga yake pansi pa kamutu ka nthambo kokha. Mukailowetsa kwambiri, mukhoza kuzula soketi imene inawotchereredwa pa bodi.

Pobwezeretsa m'pamene pamafunika kudekha kwenikweni. Muyanjanitse kamutuko ndi soketi yake, mukanikize mbali imodzi mpaka mutamva kuti kalowa, kenako mbali inayo. Musakanikize pakati kasanakhale bwino, chifukwa timano take n'tating'ono kwambiri ndipo tikapindika sitiwongoka. Kakakana kulowa, mukachotse n'kuyambiranso. Mphamvu sizithandiza pamenepa.

Tisikuluu tinayi ta kachitsulo kophimba tinthamboto ndi tosiyana kutalika, kuyambira mamilimita 1.2 mpaka 1.7, ndipo kakatali kakalowa m'bowo la kakafupi kamaboola bodi. Ine ndimajambula chithunzi ndisanamasule, kenako ndimatimata pa pepala ndi selotepu monga mmene tinakhalira m'fonimo.

Musanatseke, mulumikize batire ndi kuyatsa foniyo. Mukaona mizere yoyera kapena sikirini yosamva chala, musathamangire kunena kuti anakugulitsani yabodza. Muzimitse, mumasulenso batire, ndipo mubwezeretse tinthamboto kachiwiri, popeza nthawi zambiri kamodzi kamakhala kuti sikanalowe bwino.